Chipinda Chachitatu cha Asibweni Longwe

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha asibweni anga, Ada Longwe, patatha chaka chimwalirireni. Abusa analankhula, akulu a mpingo analankhula, ngakhale a Gondwe a golosale, amene anakangana nawo zaka zambirimbiri pa nkhani ya utsi, anaimirira n'kulankhula mpaka mawu kuwathera. Onse ankabwereza mfundo imodzi, yoti malemuwa sanatayepo chinthu cha mwini. Ine ndinali pakati pa amayi, maso pansi. Zimene ankanenazo n'zoona, koma ndinalipo tsiku limene khalidwe lomwelo linawalanda chinthu chawochawo, ndipo zala zimene zinadina mabatani tsikulo ndi zangazi.

Asibweni ndi mawu athu akuno, ndiye kuti malume. Anali mlongo wawo wa malemu mayi anga. Anagwira ntchito yotaipa pa ofesi ina paboma pano kwa zaka makumi atatu, ndipo atapuma anapeza kachipinda kuseri kwa msika, m'njira yotsetserekera ku jeti yokocheza sitima, n'kukhoma chikwangwani chonena kuti amataipa makalata. Anthu ankawatchula a Kalaliki, dzina limene iwo ankalikana kwamtuwagalu. Ankati kalaliki ndi munthu wosunga mafailo, iwo anali taipisiti, ndipo kusiyanitsa zinthu ziwirizi sikulira sukulu. Anthu ankavomera, mawa lake n'kuwapatsa moni ndi dzina lomwelo.

Amene anakhalako ku Nkhata Bay akudziwa mmene kumatenthera mvula ikayandikira. Asibweni ankabwera kushopu atavala shati yoyera ya manja aatali, tayi ndi nsapato zopolisha, thukuta lili kamukamu. M'thumba munkakhala mipango iwiri, wina wa nkhope, wina wopukutira makina, ndipo tsoka kwa wosokoneza. Ankataipa osayang'ana zala, maso ali pa munthu wolankhulayo. Kompyuta itabwera, zalazo sizinamve kuti zinthu zasintha. Ankamenya kiyibodi ngati akumenya taipi yachitsulo ija, moti chaka choyamba anapha makiyibodi awiri, ndipo onse awiri anawaweruza kuti anali ofooka chibadwire. Akafika kumapeto kwa mzere, dzanja lamanzere linkanyamuka lokha kukafuna chogwirira chobwezera pepala, n'kugwira mphepo, n'kubwerera mwamanyazi. Anamwalira dzanjalo lisanasiye.

Ankanyadira chinthu chimodzi chimene anthu ena sangachinyadire: kuiwala. Ankati za anthu ziyenera kulowera kukhutu n'kutulukira m'zala, osakwera kumutu. Anadziphunzitsa zimenezi kwa zaka zonse zija kuofesi, moti munthu amene wataipitsa kalata yosudzula mkazi m'mawa ankatha kukumana nawo madzulo pamsika, iwo n'kumufunsa ndi mtima woyera kuti kunyumba mayi ali bwanji. Azakhali anga, NyaMhone, ankati mwamuna wawo ndi munthu yekhayo m'boma muno amene amadziwa zinsinsi za aliyense koma sangakuuze ngakhale chimodzi, osati chifukwa cha ulemu wokha, koma chifukwa m'mutumo mulibemo.

Tsiku lililonse ikakwana folo koloko, ankatenga chitini chakale cha penti n'kupita nacho kuseri kwa shopu. Ankaponyamo mapepala a kaboni, mapepala olakwika ndi zolemba pamanja zonse zimene anali atazitaipa kale, n'kuyatsa machesi, n'kuima pomwepo mpaka zonse zitasanduka phulusa. Ankati chinthu chikataipidwa bwino, cholemba pamanja chatha ntchito, ndipo chikagona chimayamba kuyenda n'kumaulula za eni ake. Utsi umenewu ndi umene unkalowa m'golosale ya a Gondwe, Mtumbuka wa kumtunda ku Mzuzu, n'kukakhala pa buledi. A Gondwe anadandaula mpaka kutopa, kenako anapempha kuti bola mapepalawo aziwapatsa iwo azikulungira sopo. Asibweni anawafunsa ngati angakonde kuti kalata imene anataipitsa yopepesa apongozi awo ikafike ku Chikale itakulunga sopo. Nkhani ya mapepala inathera pomwepo, koma ya utsi inapitirira.

Ndiye panali benchi. Inali pakhonde, yokwana anthu asanu, ndipo lamulo lake linali limodzi: wofika poyamba athandizidwe poyamba. Bwana wina wa galimoto yaikulu anadikirapo kumbuyo kwa mayi wogulitsa usipa, akuyang'ana wotchi ndi kutsokomola, asibweni osamuona n'komwe. Lamulolo linali ndi mchira wake, woti mwini shopu amaima kumapeto kwenikweni kwa mzere. Kalata yawo yomwe yofunsira chithandizo cha maso kuchipatala inakhala mwezi wathunthu osataipidwa, chifukwa tsiku lililonse pabenchi pankakhala wina. Azakhali anachita kukakhala okha pabenchipo ngati kasitomala, kalatayo ili m'manja, ndipo mpamene inataipidwa.

Kompyuta anaigula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, yakale, kwa mwini loji ina ya ku Chikale amene ankasintha makina. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndikugwira ntchito pa shopu yokonza makompyuta ku Mzuzu, ndiye anandiitana kuti ndidzaikonze. Mkati mwa kompyuta mumakhala kabokosi kachitsulo kokula ngati chikhatho, komwe zonse zimasungidwa. Timakatchula hadi disiki. Ndinaigawa disikiyo patatu, zimene pantchito timati mapatishoni, ndipo asibweni atandifunsa kuti ndikuchita chiyani, ndinati zili ngati nyumba ya zipinda zitatu. Choyamba n'cha makina enieniwo, chachiwiri chikhale cha makalata a anthu, chachitatu chanu. Fanizolo linawakomera. Kuyambira tsikulo mawu oti patishoni sanawatchulepo, ankangoti zipinda.

Chipinda chachitatu anachipatsa dzina loti MATCHONA. Matchona ndi amuna amene anapita kukagwira ntchito kunja, ku Joni, ku Halale, ku migodi ya malasha ndi ya mkuwa, osabwererakonso. M'mbali mwa nyanja muno mulibe banja lopanda wake. Bambo awo a asibweni, agogo anga, anakwera sitima pa jeti yomweyi asibweni ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi anga ali m'mimba. Anatumiza makalata awiri ndi bulangeti limodzi, kenako zii. Asibweni sankakonda kukamba zimenezi. M'malo mwake, Lamlungu lililonse akatuluka kutchalitchi ankavula jekete, n'kutenga kope, n'kuyenda wapansi kupita ku Chikale, ku Mwaya ndi m'midzi ya kumtunda, kukakhala pansi ndi amayi okalamba amene amuna awo, alongo awo kapena abambo awo anatchona.

Mwamuna aliyense ankamupatsa nambala. Pansi pa nambalayo ankalemba dzina, mudzi, amene anawasiya, malo amene anamvekera komaliza, ndi chinthu chomaliza chimene anatumiza. Kenako ankalemba mawu a mayiyo monga anawalankhulira, m'Chitonga, osakonza kalikonse. Ena mwa amayiwa ankauza asibweni zinthu zimene sanauzepo ana awo. Lolemba madzulo, pabenchi pakatha anthu, ankataipa zonse m'chipinda chachitatu, ndipo masamba a kope aja ankang'ambidwa n'kulowa m'chitini cha penti monga zolemba pamanja zina zonse. Ndinawauza kuti awa okha asamaotche. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti azibwera kuntchito opanda tayi.

Ndinawauzanso kuti azisindikiza. Anati ntchito yosatha situluka m'shopu, adzasindikiza buku lonse likadzatha. Ndinawabweretsera madisiketi oti azikoperamo zolembazo, koma chinyezi cha kuno chinawachititsa chuku m'miyezi yochepa, ndipo iwo anakondwa kuti apeza umboni woti tinthu timeneti n'tachabechabe. Ndinasiyira pomwepo, ndipo ndimadziimba mlandu pa kusiya kumeneko. Pofika chaka cha tsokalo manambala anali atafika 412. Nambala yomaliza nthawi zonse inkakhala ya bambo awo. Akapeza dzina latsopano ankalilowetsa pamwamba, bambo awo n'kutsika ndi mzere umodzi. Nditafunsa chifukwa chake, anandilozera benchi.

Anandiimbira foni Lachinayi lina m'mwezi wa Novembala, mvula isanagwe. Anati makina akhala akudandaula kuti malo atha, ndipo tsopano ayamba kugogoda mkati ngati muli nkhuku ikujompha chimanga. Nditamva za kugogodako ndinadziwa kuti zavuta, chifukwa disiki ikayamba kutero ndiye kuti ikufa. Ndinawauza kuti azimitse, asayatsenso. Anati azimitsa akamaliza kalata ya munthu amene ali pabenchi, ndi ya mnzake wotsatira. M'mawa mwake ndinakwera minibasi yoyamba, m'chikwama muli disiki yatsopano yaikulu kanayi kuposa yakaleyo, ndi sidi ya pulogalamu yokopera zipinda.

Ndinapeza kompyuta yakana kutsegula. Ndinamasula bokosi, n'kulumikiza disiki yatsopano pambali pa yakale, n'kuyatsa pogwiritsa ntchito sidi ija. Pa sikirini yabuluu panatuluka mizere itatu, zipinda zonse zitatu zikuoneka, ndipo ndinapumira m'mwamba. Ndinawafotokozera asibweni mmene zinthu zinalili. Pulogalamuyi imakopa chipinda chimodzi panthawi, chathunthu, ndipo ikaimira panjira zimene yakopazo sizigwira ntchito. Chipinda choyamba tichisiye, za makina ndiikamo zina. Zatsala ziwiri, ndipo palibe amene akudziwa kuti disikiyi yatsala ndi mphamvu ya maola angati. Chachiwiri chinali chodzaza ndi masatifiketi, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro okhala ndi zithunzi. Chachitatu munali mawu okhaokha.

"Asibweni, tiyambe ndi chanu. N'chopepuka, mphindi khumi chatha."

"Nanga ikafa m'mphindi khumi zomwezo?"

"Ndiye kuti tapulumutsa matchona."

"N'kutaya za anthu. Awa, ayi, NyaManda. Za m'chachiwirizo anthu anandisungitsa. Za m'chachitatu ndinadzisungitsa ndekha. Yamba ndi za anthu."

Ndinalimbana nawo, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kuwabwezera mawu. Ndinati eni ake a makalatawo ali moyo, akhoza kubweranso n'kunenanso, pamene amayi a ku Chikale aja theka lawo lili kumanda. Iwo anandiwerengera pa zala. Muli mayeso amene mphunzitsi wina akudzatenga Lolemba. Muli kalata ya malo ya mayi wamasiye amene alamu ake akufuna kumuthamangitsa. Muli chithunzi cha satifiketi ya mtsikana wa ku Mwaya, imene yeniyeniyo inadyedwa ndi chiswe m'sutikesi. Ndinati nanga bambo anu. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango wa makina, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Anthu amenewo adikira zaka makumi asanu," anatero. "Maola awiri sangawalephere."

Nthawi yomweyo munthu anaodira pakhomo. Asibweni anatembenuka kukamuuza kuti lero shopu yatsekedwa, ndipo monga mwa iwo, anayamba ndi moni wa kunyumba, wa ana, wa kumunda. Msana wawo unali kwa ine. Pa sikirini mzere wowala unali pa chipinda chachiwiri, ndipo chala changa chinali pa batani lotsitsira pansi. Kudina kamodzi kokha, kenako kuvomereza, akanatembenuka ntchito itayamba kale. Ndakhala ndikubwerera pampando umenewo kambirimbiri. Sindinadine. Munthu ameneyu ndiye anandilera mayi atamwalira, ndipo ndinaopa nkhope yawo kuposa mmene ndinaopera disiki. Atatembenuka ndinasankha chipinda chachiwiri iwo akuona.

Maola awiri aja anasanduka atatu ndi theka. Kamzere kosonyeza ntchito kankayenda pang'ono, n'kuima, disiki n'kugogoda, n'kuyambanso. Chitsulo chake chinatentha moti sindinkatha kuchigwira. A Gondwe, atamva kuti kwavuta, anabweretsa fani ya m'golosale n'kuilozetsa m'bokosi. Asibweni anakhala pampando wa makasitomala, manja pamaondo, tayi ili pakhosi, akuyang'ana sikirini. Panalibe chimene aliyense wa ife akanachita. Sindikanaifulumizitsa, sindikanaiimitsa, ndinkangomvetsera kugogodako n'kumawerenga mumtima. Kamzere katafika kumapeto, asibweni anati "yewu", kuthokoza kwathu, ndipo sindikudziwa ngati ankathokoza ine, makina, kapena Mulungu.

Ndinasankha chipinda chachitatu. Kamzere kanayamba bwino, kanayenda mwina kutalika kwa chala, kenako kugogoda kuja kunasintha, kunakhala kofulumira ndi kouma. Kamzere kanaima. Ndinadikira, ndinadikiranso, mpaka pa sikirini panatuluka uthenga woti disiki siikuyankha. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Tsopano kompyuta inkaona disiki imodzi yokha, yatsopano ija. Ndinasintha zingwe, ndinaitembenuza chagada, ndinaiimika chambali. Asibweni anafunsa ngati mwina yangotopa, ndipo ndinati mwina.

Abwana anga ku Mzuzu anandiuzapo kuti disiki yakufa nthawi zina imadzuka kwa mphindi zingapo ukaiziziritsa kwambiri. Ndinaikulunga m'majumbo atatu, n'kupita nayo kwa a Gondwe. Iwo anatsegula filiji yawo yaikulu, n'kukankhira pambali mafizesi ndi nsomba za batala, n'kuiika pakati mosamala ngati dzira. Amuna awiri aja, amene kwa zaka zambiri sankapatsana moni osaonjezerapo za utsi, anaima limodzi ola lathunthu akuyang'ana chitseko cha filiji. Makasitomala ofuna zakumwa zozizira a Gondwe ankawabweza, amvekere yayi, lero filiji ili ndi wodwala.

Inadzukadi. Nditailumikiza inazungulira, ndipo mizere itatu ija inabwerera, dzina loti MATCHONA likuoneka bwinobwino. Asibweni anaimirira. Ndinayambitsa kukopa, kamzere kanayenda, kanadutsa pamene kanaima poyamba paja. Koma mpweya wa kuno ndi wamadzi, ndipo chitsulo chozizira chija chinayamba kuchita thukuta, timadontho tikusonkhana pamwamba pake ife tikuona. Ndinapukuta ndi chitenje changa, asibweni anapereka mpango wa nkhope. Patapita mphindi zinayi kapena zisanu kamzere kanaima. Ulendo uno disiki sinagogode n'komwe, inangoleka kuzungulira.

Nthawi inali itakwana folo. Asibweni anatenga chitini cha penti n'kupita nacho kuseri monga mwa masiku onse. Tsikulo sanataipe kalikonse, ndiye munalibe choti aotche. Ndinawaona pawindo ataima, chitini chili pansi, machesi ali m'manja. Anakhala choncho nthawi yaitali. Atabwerera anandiuza kuti pa disiki yatsopanoyo ndipangebe chipinda chachitatu, ndichipatse dzina lomwe lija, ndipo popeza malo tsopano alipo ambiri, chikhale chachikulu. Sanandikalipire tsikulo, ndipo sanandikalipirepo mpaka kufa, chinthu chimene chinandipweteka kuposa kukalipa.

Disiki yakufayo ndinapita nayo ku Mzuzu, abwana anga anayesa, analephera. Inapita ku Lilongwe kwa mnzawo, inabwerera mu envelopu ndi uthenga woti zoterezi amatsegula kunja kokha, m'zipinda zopanda fumbi, kumene munthu ngati ife sangafike. Asibweni anaikulunga mu mpango n'kuiika m'dirowa. Patapita chaka ndinaphunzira kuti panali njira ina. Ndikanaika kaye za makina pa disiki yatsopano, yakaleyo itazimitsidwa, kenako n'kungotola failo imodzi yokha ya matchona, ntchito yosatha mphindi imodzi, ndipo asibweni sakanakhala ndi chifukwa chokanira. Tsiku lija ndinkadziwa njira imodzi yokha, imene anandiphunzitsa. Zimenezi sindinawauze asibweni.

Anayambiranso maulendo a Lamlungu, koma miyendo inali itayamba kutupa, ndipo njira ya ku Chikale ndi yokwera ndi kutsika. Azakhali ankati ankabwerako mofulumira kuposa kale. Pakhomo pamene anasiya mayi wokalamba ankapezapo zidzukulu, zimene zinkawauza kuti agogo anatisiya chaka chatha, anatisiya dzinja lija. Ena ankadziwa dzina la mtchona wawo koma osadziwa china chilichonse, ndipo ankawafunsa asibweni kuti paja inu munalemba, tiuzeni. Anthu anayamba kubwera kushopu osati kudzataipitsa, koma kudzafunsa tsamba la munthu wawo.

Mmodzi ndinamuona ndi maso anga, nditabwera pa Khirisimasi. Anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, mwana wa malemu NyaKaunda a ku Chikale. Anadikira pabenchi mpaka nthawi yake itakwana. Anati mayi ake asanamwalire anamuuza kuti zonse za bambo ake anazisiya kwa a Kalaliki. Tsopano mwana wake wamwamuna akukwera basi ya ku Joni sabata yamawa, ndipo akufuna dzina la mgodi ndi tauni, kuti mwina akafunse kumeneko manda a agogo ake. Asibweni anatseka maso. Anakumbukira nambala, 57. Anakumbukira dzina la mwamunayo, anakumbukira kuti NyaKaunda anavala duku yabuluu ndi kuti anawapatsa chinangwa chootcha. Zala zawo zinkayenda pamwamba pa tebulo ngati zikufunafuna. Dzina la mgodi linadutsa m'zala zimenezo zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo monga anadziphunzitsira, silinakwere kumutu.

"Ama," anatero, "ndinataya."

Mayiyo anangoti yewu ada, n'kunyamula dengu lake. Sanakwiye. Asibweni anamuperekeza mpaka pamsewu, zimene sankachitira kasitomala aliyense, ndipo atabwerera anaitana wotsatira.

Pa anthu onse a m'chipinda chachiwiri, mphunzitsi anatenga mayeso ake Lolemba lomwelo osadziwa n'komwe kuti kunachitika kanthu. Mayi wamasiye nkhani yake inathera kwa akuluakulu a banja, kalata sinafunikenso. Ena onse sanabwerepo. Koma tsiku lina asibweni anandiimbira foni ku Mzuzu, mawu ali m'mwamba ngati mnyamata. Mtsikana wa ku Mwaya uja anabwera, amusindikizira satifiketi yake, ndipo wakaigwiritsa ntchito pofunsira malo ku sukulu ya unamwino. Anabwereza kawiri kuti ndimve bwino. Sananene kuti waonatu, koma ndinadziwa kuti akundiyankha funso la tsiku lija. Ndinati ndakondwa, ndipo ndinakondwadi, ngakhale mpaka lero sindikudziwa kuti wolondola anali ndani.

Anadwala masabata atatu okha. Azakhali akuti ngakhale pabedi la kuchipatala dzanja lamanzere linkanyamukabe n'kubwerera. Shopu inakhala yotseka chaka chonse, chifukwa azakhali analibe mtima woilowa. Titachoka kumanda Loweruka lija anandipatsa kiyi, n'kundiuza kuti mwini nyumba akufuna chipinda chake, ndikachotse makina.

Ndinapita Lolemba m'mawa. Chikwangwani chasuluka, koma chikuwerengeka. Mkati munali fungo la chinyezi ndi la mapepala akale. Pa msomali wa kuseri kwa chitseko, pamene ankapachika jekete, panalibe kanthu. Chitini cha penti chinali pakona, chakuda mkati, bokosi la machesi lili pamwamba pake, ndipo m'dirowa ndinapeza disiki ija ili m'mpango wake. A Gondwe anasuzumira pakhomo, n'kunena kuti buledi wawo masiku ano sanunkha utsi ndipo makasitomala ena akudandaula kuti wasintha kukoma. Anayesa kuseka, kenako anabwerera m'golosale mwawo.

Ndinayatsa kompyuta kuti ndione ngati ikugwira ntchito. Inatsegula bwinobwino, disiki yatsopano ija siinavutepo. Chipinda chachitatu chinali chachikulu monga anapemphera, ndipo munali failo imodzi yaing'ono. Asibweni anataipa manambala onse, kuyambira 1 mpaka 412, iliyonse pa mzere wake. Pa manambala ena panali dzina, pena dzina ndi mudzi, pena mawu ochepa ngati oti anatumiza nsapato. Pa 57 panali dzina ndi mawu oti duku yabuluu. Ndinawerenga mizere yokhala ndi kanthu, inakwana makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu. Ina yonse inali nambala, kadontho, basi. Ndinatsika tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto.

Pa 412 panalibe dzina. Limeneli sanaliiwale, sakanaliiwala. Ankadziwa mudzi, ankadziwa za makalata awiri ndi bulangeti, akanatha kutaipa zonse m'mphindi imodzi tsiku lililonse la zaka ziwiri zimene anakhala ndi moyo disiki itafa. Koma pamwamba pake panali anthu oposa mazana atatu amene anali asanathandizidwe. Ine dzinalo ndikulidziwa, ndi agogo anga, Yotamu Longwe. Ndinaika zala pa kiyibodi imene zilembo zake zinafufutika ndi kumenyedwa, kamzere kakuphethira pambali pa nambalayo. Ndinakhala choncho mpaka dzuwa linafika pakhonde, kenako ndinachotsa manja. Kunjako pabenchi panali fumbi ndi masamba a mango, popanda munthu, koma mzere unali usanathe.